Mamilimita Awiri

Basi ya sikisi koloko yanditula pa Newtown,
mphepo ya ku Wellington ikundikankha kumsana
ngati ndili nayo ngongole.
M'chikwama muli buku la fizikisi lonyowa m'mbali,
buledi wa dzulo, ndi khadi lolembedwa kuti
Hinewai Paki, wophunzira, chaka chachiwiri.

Kuyunivesite tinkaphunzirira pa chidole.
Chidole sichimeza malovu,
sichikufunsa ngati wadya.
Tinachiyeza, tinachitembenuza, tinachilasa ndi cheza,
mayeso ndinakhoza,
ndipo ndinkayesa kuti ntchito ndaidziwa.

Kenako kunabwera a Tavita Leota.
Zaka makumi atatu akukweza makontena padoko,
lero khansa yamanga msasa pakhosi pawo,
mawu akutuluka ngati chitseko chadzimbiri.
Tinaviika pulasitiki m'madzi otentha,
n'kuwaphimba nayo kumaso ikadali yofewa
mpaka inauma, itatenga mphuno yawo, chibwano chawo,
ndi mantha amene anali m'nsagwada.

Mayi Pritchard, amene amandiyang'anira, sawononga mawu.
Anayang'ana mizere yobiriwira ya kuwala pachigobacho
nati, Bwereza.
Ndinati, Ndi mamilimita awiri okha.
Iwo anati, Kuseri kwa mamilimita awiriwo
kuli mtsempha wa msana,
kuli miyendo imene bambowa abwera nayo.
Ndinameza mawu anga. Ndinabwereza.

Koma chimene buku silinandiuze ndi kutuluka.
Timawagoneka, timakhoma chigoba kubedi,
timawagwira paphewa,
kenako tonse timachoka.
Chitseko chake n'chochindikala
kuposa khoma la nyumba yathu ku Porirua.
Amatsala okha ndi makina owazungulira pang'onopang'ono,
ndi cheza chosaoneka, chosanunkha.
Ine ndimawaonera pakanema,
chala chawo chachikulu chikugogoda bedi.
Ndimadina batani n'kunena kuti,
Tili pompano, a Leota, kwatsala pang'ono.
Chala chimaleka.

Sabata lachinayi khungu la m'khosi linayamba kusupuka.
Lamba anamuboola kabowo kena.
Akazi awo, a Sieni, ankabwera ndi supu m'fulasiki
n'kubwerera naye wosatsegula.
Tsiku lina ndinakalira m'chimbudzi cha antchito,
ndinasamba kumaso msangamsanga
chifukwa wotsatira anali atakhala kale pabenchi,
mtsikana wamsinkhu wanga, atavala chipewa chaubweya m'chilimwe.

Usiku ndimaloweza milingo ya cheza
ndi mayina a tiziwalo ta m'khosi
amayi anga akukolopa chipatala chomwechi,
nsanjika yachitatu, mpaka mbandakucha.
Anandifunsapo akuvula nsapato,
Kodi digiri yakoyi ndi yowotcha anthu?
Ndinaganiza kaye.
Ndinati, Ndi yodziwa posawotcha.
Anati mm, n'kugona pasofa asanamwe tiyi.

Tsiku lomaliza a Leota anapempha chigoba chawo.
Ena amachisiya, safuna n'kuchiona komwe.
Iwo anachiika kukhwapa ngati mpira.
Ananong'ona kuti akachipachika m'galaja
kuti chizioneka akamakonza njinga za adzukulu.
Anandigwira dzanja, chikhato chawo chili gwaa,
nati, Iwe ndi uja wa pabatani.

Sindikudziwa ngati achira.
Zimenezo adzanena ndi adokotala miyezi ikubwerayi,
ine ndili m'kalasi, ndikulemba mayeso ena,
mwina sindidzamva n'komwe.

Ndapukuta bedi. Ndayala nsalu ina.
Mayi Pritchard aloza mndandanda ndi cholembera,
ndipo ndatuluka kukaitana dzina lotsatira,
nditaliyeserera kawiri chamumtima
kuti ndisalilakwitse.